Khoka, Mono ndi Mbedza pa Madamu a ku Mashonaland

Pa zaka za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 kufikira 1963, anchito ambiri a m'mapulazi a ku Mazoe, Banket ndi Marandellas anali ocokera ku Nyasaland. Ena anadza pansi podzera ku Tete ndi Mtoko, ena pa magalimoto a Ulere, enanso analembedwa ndi Mthandizi. Phoso lao linali ufa, mcere, nyemba ndi kanyama kocepa. Cotero ndiwo inali nkhani ya tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wa kunyanja sakanatha kupenya madzi osaganiza za nsomba.

Madziwo analipodi. Damu la Mazoe linatha kumangidwa m'caka ca 1920 kuti lithirire malalanje, ndipo m'caka ca 1952 mtsinje wa Hunyani unatsekedwa, napangika Lake McIlwaine, imene lero ichedwa Chivero. Koma oposa kucuruka ndiwo madamu ang'ono amene eni mapulazi anamanga, naikamo nsomba za mtundu wa cambo pamodzi ndi bass, nsomba yolusa yocokera ku America.

Khoka, limene ku Nyanja ya Nyasa linali cuma ca munthu womveka, silinapindule pa madamu amenewa. Khoka lifuna bwato, doko la mcenga, ndi amuna ambiri okoka zingwe. Pansi pa damu pali matope ndi zitsa za mitengo yomira, ndipo ukonde ukakodwa pamenepo ung'ambika. Ngakhale ku Kariba, asanatseke khoma m'caka ca 1958, boma linayamba lagwetsa nkhalango ndi maunyolo okokedwa ndi matalakitala, kuti maukonde adzapeze poyenda. Cinanso nciakuti damu linali la mwini pulazi, ndipo kuwedza kunalira cilolezo cace. Khoka silibisika.

Kusamala kwace kunalinso kolemetsa. Kwao asodzi ankaluka maukonde ndi cingwe ca copwa, pambuyo pace ndi ulusi wosolola m'matayala akutha. Ukonde wa copwa ukagona wonyowa uvunda msanga. Uyenera kutsukidwa, kuyanikidwa ndi kusokedwa maso ace oduka nthawi zonse. Wogwira nchito ya tikiti, wocoka m'munda dzuwa litapendeka, nthawi yotere akanaipeza kuti? Nailoni itafika m'zaka za m'ma 1950 kuvunda kunatha, koma inafuna ndalama, ndipo imafumbwa ndi dzuwa ngati siiyanikidwa pamthunzi.

Mono ndiwo unayenera moyo wa pa komboni. Bango ndi luzi zinali pafupi, zosagula. Munthu ankauchera madzulo polowera madzi m'damu, ataikamo gaga kapena mkute, nakauonjola mbanda kuca belu lisanalire. Adani ace ndiwo katumbu, amene aboola mono kuti adye za m'kati, ndi ciswe pamene waikidwa pansi m'cilimwe. Wanzeru ankaupacika pa denga la khichini, pamene utsi uingitsa tizilombo. Bango likathyoka, alowetsapo lina.

Mbedza inali ya onse, ana ndi amai omwe. Mlamba ugwidwa ndi nyongolotsi, cambo ndi nsima youmba, koma bass salabadira nsima: afuna kansomba kamoyo kapena cule. Mdani wa mbedza ndi dzimbiri, ndipo mankhwala ace ndi mwala wonolera ndi kadontho ka mafuta.