Paini pa Minda ya ku Niassa

Ife a ku Mecanhelas timaudziwa mtengo wa paini. Amene anawoloka nyanja ya Chirua anauona pa phiri la Zomba. Amene anakwera ku Lichinga anauona m'mbali mwa mzinda. Mtengowu si wa makolo athu. Unabwera ndi atsamunda. Umakonda malo okwera ndi ozizira. Umapatsa matabwa abwino, koma mwini wake amadikira zaka pafupifupi 20 asanaudule. Pansi pake cimanga sicimera.

Nkhondo itatha mu 1992, anthu anabwerera m'midzi yawo. Mu 1997 dziko lathu linapanga Lamulo la Malo. Lamuloli linati malo onse ndi a Boma ndipo sagulitsidwa. Linatinso mudzi umene ukukhala pa malo monga mwa mwambo uli ndi ufulu wolimapo, ngakhale ulibe pepala. Ufulu umenewu umachedwa DUAT. Mlendo wofuna malo ayenera kuyamba wafunsa anthu a m'mudzimo.

Mu 2005 kunayamba kampani yochedwa Chikweti Forests of Niassa. Ndalama zake zambiri zinacokera ku Ulaya: ku mpingo wa ku Västerås m'dziko la Sweden, ku thumba la mpingo wa ku Norway, ndiponso ku thumba la penshoni la ku Holland. Kampaniyi inabzala paini ndi bulugamu m'madera a Lago, Sanga ndi Lichinga. Eni ake ankanena kuti adzabzala pa malo oguga, ndipo anthu adzapeza nchito.

Poyamba ambiri anakondwa. Anyamata ndi amayi analembedwa nchito yofesa mbande, yokumba maenje ndi yobzala. M'midzi munalowa njinga ndi malata.

Koma panali cinthu cimodzi cimene alendowo sanacisamale. Mlimi wa ku Niassa amalima munda zaka zingapo. Nthaka ikatopa, amausiya kuti upume, iye n'kukatsegula pena. Munda wopumawo ndi tsala. Tsala lili ndi mwini wake. Mlendo akaona udzu ndi zitsamba amati malowo alibe munthu. Motero paini analowa m'matsala. Alimi atafuna kubwerera, anapeza mitengo ili m'mizere. Ena anayamba kuyenda mtunda wautali kukalima. Amayi anavutika kupeza nkhuni, bowa ndi mankhwala a m'chire.

Kufunsa anthu nakonso sikunayende bwino. M'malo ena kampani inalankhula ndi mfumu ndi akuluakulu ocepa okha. Malonjezo ambiri anali a pakamwa. Mu 2010 ofufuza a Boma anapeza kuti kampaniyi inatenga mahekitala 32,000 popanda cilolezo. Mu April 2011 alimi a ku Licole ndi ku Lipende, m'dera la Sanga, anakwiya. Anazula ndi kudula mitengo ya paini pafupifupi 60,000. Ena mwa iwo anamangidwa. Mu 2012 bungwe la FIAN, mothandizana ndi bungwe la alimi la UNAC, linalemba madandaulo a anthuwo, ndipo anamveka mpaka ku Ulaya.

Nanga nchito zija? Kubzala kukatha, mtengo umakula wokha. Sufuna manja ambiri ngati cimanga. Anchito ambiri anacotsedwa. Munthu wotere anatsala wopanda malipiro, ndiponso wopanda tsala lake.

Mu 2014 minda ya mitengo ija inapita m'manja mwa kampani ya ku Norway yochedwa Green Resources. Patapita zaka, kampaniyi inabweza malo ambiri amene sinabzalepo, kuti midzi iwalembetse m'dzina lake.

Anzathu, mtengo wa paini ulibe mlandu. Matabwa ake amatipatsa zitseko, mipando ndi mabenchi a pasukulu. Mlandu unagona pa kaperekedwe ka malo. Kuno kwathu anthu ndi ambiri ndipo minda ndi yocepa. Mlendo akadzabwera kudzapempha malo, mudzi wonse usonkhane, amayi ndi abambo. Malire aonetsedwe ndi mapazi, matsala ndi manda zichulidwe. Lonjezo lililonse lilembedwe: zaka zingati, nchito zingati, citsime cidzakumbidwa liti. Ndipo pepalalo tiliwerenge tokha tisanadinde cala.

Mafunso
1. Kodi tsala ndi malo opanda mwini? Fotokozani.
2. N'cifukwa ciani nchito zinacepa kubzala kutatha?
3. M'mudzi mwanu, ndani amaitanidwa mlendo akapempha malo? Ndani amatsala?
4. Lembani mayina a malo atatu a m'mudzi mwanu amene simungalole kuti aperekedwe.