Buluu amene anali wodula kuposa golide

Aliyense amene wayamba kupanga ndolo, zibangili kapena zokolekera makiyi ndi resin amafika pa funso limodzi. Wasakaniza mabotolo awiri aja, resin ndi hardener, zangoti mbee ngati galasi, tsopano athiremo utoto uti? Ambirife timasankha ndi maso basi. Koma funsoli ndi lakale kwambiri kuposa resin, ndipo ine ndimakonda kulitsata kudzera mu mtundu umodzi, buluu. Mtunduwu ngakhale dzina lake tinachita kubwereka, agogo athu ankangoti wobiriwira ngati mtambo. Mbiri yake ikuphunzitsa chinthu chimodzi: kukongola kwa lero si nkhani, nkhani ndi yakuti mtunduwo udzakhala bwanji dzuwa likauwomba miyezi ingapo.

Tiyambire ku mapiri a Badakhshan, kumpoto chakum'mawa kwa Afghanistan. Kumeneko kuli migodi ya Sar-e Sang, komwe anthu akhala akukumba mwala wotchedwa lapis lazuli kwa zaka masauzande. Mwalawu unkayenda ulendo wautali mpaka kukafika ku Venice, n'chifukwa chake Azungu anautcha utoto wake ultramarine, kutanthauza wochokera kutsidya la nyanja. Kungoupera sikunkakwanira, chifukwa ufa wake umatuluka wotuwa. Cennino Cennini, mmisiri wa ku Italy amene analemba za ntchitoyi cha m'ma 1400, anafotokoza njira yake: ufawo ankauphatikiza ndi phula la njuchi ndi utomoni wa mitengo, n'kuukanda m'madzi a phulusa, ofanana ndi chidulo chimene amayi amathira m'thelere. Tinthu ta buluu tinkatuluka n'kukhazikika pansi, zinyalala n'kutsalira mu utomoni muja. Mwaona? Utomoni ndi buluu anadziwana kalekale.

Ntchito yonseyi inkachititsa kuti ultramarine wabwino azidula ngati golide, nthawi zina kuposa. Olemba ntchito amisiri ankafika potchula mu mgwirizano kuti utotowu upakidwe pati, ndipo kawirikawiri unkasungidwira chovala cha Mariya. Johannes Vermeer anaugwiritsa ntchito pa duku la mtsikana wa ndolo ya ngale cha m'ma 1665, ndipo mpaka lero dukulo likuwala. Anthu sankalipira kukongola kokha. Ankalipira kukhalitsa.

Buluu wotchipa anabwera mwangozi. Cha m'ma 1706 ku Berlin, wopanga utoto wina dzina lake Diesbach ankafuna kupanga wofiira. Potashi amene anagwiritsa ntchito anali atakhudzana ndi magazi a nyama, ndiye mmalo mwa wofiira panatuluka buluu wakuda bii, amene tsopano timati Prussian blue. Anafalikira mpaka ku Japan, komwe Hokusai anamugwiritsa ntchito pa chithunzi chake chotchuka cha funde lalikulu cha m'ma 1831. Kenako mu 1824 bungwe lina la ku France linalonjeza mphotho ya mafranc 6,000 kwa amene angapange ultramarine popanda mwala uja. Jean-Baptiste Guimet ndiye anaitenga mu 1828. Ndi dongo, soda ndi sulufule zowotchedwa mu ng'anjo, utoto wa mafumu unatsika mtengo mpaka unayamba kuthiridwa m'madzi otsukuluzira zovala zoyera.

Onsewa ndi a gulu limodzi lotchedwa pigment. Ndi ufa wa tinthu tolimba tomwe sitisungunuka, timangoyandama mu chinthu chimene mwatithiramo. Gulu lachiwiri ndi dye, utoto wosungunuka ngati shuga mu tiyi, umene umalowa mu nsalu. Mbiri ya dye wamakono inayamba ndi matenda amene tonse tikuwadziwa. Mu 1856 William Henry Perkin, mnyamata wa zaka 18 ku London, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, kuchokera ku phula la malasha. Kwinini sanatuluke. Chimene chinatuluka ndi utoto wapepo wotchedwa mauve, ndipo unamulemeretsa. Koma utoto wambiri wa banja limenelo unali ndi vuto: unali wowala mochititsa kaso pa tsiku logula, n'kusuluka msanga padzuwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Buluu amene mwina ali m'kabotolo kanu anatulukira mu 1928 pa fakitale ya Scottish Dyes ku Grangemouth, nayenso mwangozi, ogwira ntchito ataona zinthu zabuluu mu thanki momwe sizinkayenera kupezeka. Kampani ya ICI inayamba kumugulitsa mu 1935 ndi dzina loti Monastral Blue. Dzina lake la sayansi ndi phthalocyanine, ambiri amangoti phthalo. Ndi wamphamvu zedi, kadontho ka kunsonga ya kamtengo kamasintha kapu yonse, ndipo dzuwa salimva.

Nanga resin? Poyerekeza ndi onsewa ndi mwana wa dzulo. Pierre Castan wa ku Switzerland anapanga epoxy kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 akufufuza zopangira mano oyikirira, ndipo kampani ya Ciba inaitulutsa mu 1946 ngati guluu wotchedwa Araldite. Inabadwa kuti izimata ndi kuteteza zinthu, osati kukongoletsa. N'chifukwa chake ili ndi chilema chimene wosankha utoto ayenera kuchidziwa: dzuwa limaisandutsa yachikasu pang'onopang'ono. Zina zimathiridwa mankhwala ochedwetsa zimenezi, koma kuchedwetsa si kuletsa. Buluu wopepuka mu resin yachikasu amayamba kuoneka wobiriwira. Ndolo zomwe munazitcha "nyanja" zimadzasanduka "dambo".

Tsopano mbiri yonseyi itithandize bwanji tikaima kutsogolo kwa mabotolo?

Choyamba, dziwani ngati mukugula pigment kapena dye. Mukafuna chinthu chooneka mkati ngati switi kapena galasi, dye ndi inki ya alcohol ndiwo amapereka zimenezo, koma ambiri ndi zidzukulu za mauve wa Perkin, dzuwa saligwira. Ndi abwino pa zinthu zokhala m'nyumba. Chokolekera makiyi chomwe chizikhala pa njinga yamoto tsiku lonse chimafuna pigment.

Chachiwiri, werengani nambala, musamangokhulupirira dzina. Mayina ngati "Ocean Dream" ndi a malonda chabe. Opanga utoto odalirika amalemba nambala ya Colour Index: PB29 ndi ultramarine wa Guimet, PB27 ndi Prussian blue, PB15 ndi phthalo. Izi si zokometsera. Ultramarine amaopa asidi, pamene Prussian blue amawonongeka ndi zinthu za alkali, ndipo hardener wa epoxy nthawi zambiri amakhala wa mbali imeneyo. Ena amalembanso mphamvu ya utoto polimbana ndi kuwala pa sikelo ya 1 mpaka 8, pomwe 8 ndi wolimba kwambiri.

Chachitatu, ufa wonyezimira uja wa mica uli ndi nkhani yake. Ndi timapepala ta mwala tokutidwa ndi zinthu monga titanium dioxide kapena iron oxide, ndipo kunyezimira kwake kumachokera ku mmene kuwala kumabwererera. Umakhazikika pansi resin ikachedwa kugwira. Komanso mica wina amakumbidwa ku Jharkhand ndi Bihar ku India, komwe nkhani ya ana ogwira ntchito m'migodi ndi yodziwika. Alipo wopangidwa m'fakitale, ndipo ine ndimaona kuti kufunsa za komwe wachokera si kuvuta ayi.

Chachinayi, madzi ndi resin sagwirizana. Penti ya akiriliki ndi utoto wa makeke zili ndi madzi, ndiye zikachuluka resin imachita chifunga kapena kukana kuuma bwino. Ngakhale utoto woyenera ukapitirira muyeso umasokoneza kugwirana kwa mabotolo awiri aja, chinthu n'kutuluka m'chikombole chofewa ngati chingamu. Thirani pang'ono, takasani, onani, kenako onjezerani.

Pomaliza, chitani zimene amisiri akale ankachita: yesani. Umbani tizidutswa tiwiri ta mtundu umodzi, kena muike pawindo lowomba dzuwa, kena mu kabati. Pakatha milungu ingapo tiyikeni pamodzi. Palibe wogulitsa amene angakuuzeni zoona kuposa tizidutswa timeneto.

Zimandidabwitsa kuti buluu amene anthu ankamuyendera kuchokera ku mapiri a Afghanistan lero tikumugula m'kabotolo, mwinanso kumutaya pa tebulo. Mtengo unatsika, koma funso la mwini chithunzi wa ku Italy uja silinasinthe: kodi zikhalitsa? Kasitomala wanu sadzatchula PB15 kapena PB29. Adzangoona ndolo zake chaka chamawa, n'kusankha ngati abwererenso kwa inu kapena ayi.