Fodya wa Pachala: Za Zigawo Zosinthasintha pa Zisankho za ku America

Akuluakulu akale, poona munthu atatsina fodya n'kuyamba kucheza asanamukokere m'mphuno, ankati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo." Mwambi umenewu umachenjeza munthu wowerengera chinthu kuti n'chake chisanafike pomwe mnzake sangachilande. Mbiri ya zisankho za pulezidenti m'dziko la America ili ndi anthu angapo amene mphepo inawaulutsira fodya wotere.

Ku America sapambana ndi kuchuluka kwa mavoti a dziko lonse ayi. Chigawo chilichonse chili ndi nthumwi zake zosankha pulezidenti, molingana ndi chiwerengero cha aphungu ake. Nthumwi zonse pamodzi zilipo 538, ndipo wofuna mpando ayenera kupeza 270. Kupatula ku Maine ndi ku Nebraska, amene watsogola m'chigawo, ngakhale ndi voti imodzi, amakolola nthumwi zonse za chigawocho. N'chifukwa chake opikisana sataya nthawi ku California, kumene chipani cha Democratic chili ndi mizu, kapena ku Wyoming, kwawo kwa chipani cha Republican. Amathira ndalama ndi misonkhano m'zigawo zowerengeka zimene zingagwere mbali iliyonse. Vuto lake n'lakuti zigawo zimenezi sizikhala zomwezomwezo.

Richard Nixon, wa Republican, anayesa kuthawa vutoli mu 1960 polonjeza kuti adzafika m'zigawo zonse 50. Kampeni ili mkati anavulala bondo, nagonekedwa m'chipatala pafupifupi milungu iwiri, koma lonjezo lake sanalisiye. Kutatsala masiku ochepa kuti anthu aponye voti, iye anauluka ulendo wautali kupita ku Alaska, chigawo cha nthumwi 3 zokha, pamene John Kennedy ankazungulira zigawo za anthu ambiri. Nixon anapambanadi ku Alaska, koma Illinois, wa nthumwi 27, anamupulumuka ndi mavoti osakwana 9,000. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Komabe kusankha kopita kuli ndi msampha wakenso, pakuti munthu amasiya chigawo chimene akuchiyesa chake. Chisankho cha mu 2000 chimakumbukika chifukwa cha Florida, kumene George W. Bush anaposa Al Gore ndi mavoti 537, nkhani mpaka inakathera ku bwalo lalikulu la milandu. Koma fodya wa Gore anauluka kwina. Chigawo cha West Virginia, cha anthu okumba malasha, chinali chitavotera Republican katatu kokha kuyambira 1932. Anthu a m'migodi anaopa kuti mfundo za Gore zoteteza chilengedwe zidzawathetsera ntchito. Bush anawayendera, natenga nthumwi zawo 5. Anapambana mpando ndi nthumwi 271. Gore akanasunga West Virginia, kapena Tennessee kwawo kwenikweni, Florida sakanamulanda upulezidenti. Chichokereni chaka chimenecho, West Virginia sanavoterenso wa Democratic pa mpando umenewu.

Zofananazo zinachitika mu 2016. Wisconsin anali akuvotera Democratic kuyambira 1988, Michigan ndi Pennsylvania kuyambira 1992, moti ambiri ankazitenga zigawo zitatuzi ngati linga losagumuka. Hillary Clinton, atasankhidwa ndi chipani chake, sanapondeko ku Wisconsin kukachititsa msonkhano. Donald Trump anatenga zigawo zonse zitatu, zokhala ndi nthumwi 46, ndi mavoti osakwana 78,000 zitaphatikizidwa, ngakhale kuti m'dziko lonse Clinton anamuposa ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni.

Kungakhale kuphonya kunena kuti ulendo umodzi wa ku Wisconsin ukanasintha zonse, popeza ku Pennsylvania Clinton anapitako kambirimbiri koma anagonjabe. Chiswe chinali chitadya linga kalekale. Mafakitale a zitsulo ndi a galimoto anali atachepetsa antchito, mabungwe a apantchito amene ankamangirira mabanja ku chipanicho anali atafooka, ndipo anthu ambiri osafika kukoleji anaona kuti owalankhulira awaiwala. Nawonso a Republican chiswe chawo chinali pa ntchito: anthu ophunzira okhala m'mphepete mwa mizinda ikuluikulu anayamba kuwafulatira. Mu 2020 Joe Biden anabweza zigawo zitatu zija, nawonjezapo Georgia ndi mavoti osakwana 12,000, ndi Arizona ndi osakwana 11,000. Georgia anali atavotera Democratic komaliza mu 1992, Arizona mu 1996.

Amene anayesa kuti tsopano fodya wafika pamphuno anadabwanso mu 2024, pamene Trump anatenga zigawo zonse 7 zimene zinkalimbiranidwa: Arizona, Georgia, Michigan, Nevada, North Carolina, Pennsylvania ndi Wisconsin. Ohio, amene kuyambira 1964 mpaka 2016 sanaphonyepo kuvotera wopambana, sanalinso m'gulu la zolimbiranidwa, chifukwa anali atapendekera kotheratu ku Republican.

Pa mapu a chisankho zigawo zimapakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ngati thambo, ndipo woyang'ana mapuwo angayese kuti utotowo ndi wa nthaka. Koma amene amaponya voti ndi wokumba malasha, wosula zitsulo, mphunzitsi ndi mlimi, ndipo aliyense wa iwo amayeza chipani ndi zimene zili m'mbale mwake. Chigawo chimene chipani chinachilandira kwa makolo ndi munda wofuna khasu chaka ndi chaka. Mwini wake akaleka kupalira, udzu sufunsa kuti munda ngwa yani. Mpaka bokosi lomaliza litawerengedwa, voti iliyonse ndi fodya wa pachala.