Nyale ya kuseri kwa sitolo: Ahindu m'mbiri ya Machinga ndi Balaka

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero tikambirane za anthu amene silabasi yathu ya History imangowatchula modutsa. Pa Balaka, pa Liwonde ndi pa Ntaja pali masitolo akalekale a khonde lalikulu, pomwe matelala ankakhala ndi makina awo. Ambiri mwa masitolo otere anali a amwenye. Timakumbukira mchere, parafini, makasu ndi biriwita zomwe agogo athu ankagulamo, koma za mtima wa munthu amene ankaima kuseri kwa sikelo sitikambako.

Tiyambe ndi mmene anafikira. Mu 1891, Harry Johnston atakhazikitsa boma la atsamunda, anaitanitsa asilikali kuchokera ku India, ambiri a iwo Asikh. Asilikaliwa anamenya nawo nkhondo zolimbana ndi mafumu a Chiyao a dera lathu lino, monga Liwonde ndi Kawinga, yemwe anagonja ku phiri la Chikala mu 1895. Pambuyo pa asilikali panabwera amalonda, makamaka ochokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Njanji yochoka ku Blantyre kupita ku Salima itatsegulidwa mu 1935, Balaka inakula chifukwa cha siteshoni, ndipo masitolo anachuluka. Musaiwale kuti nthawi imeneyo Balaka sinali boma palokha. Inapatukana ndi Machinga mu 1998, ndipo Machinga yomweyo kale inkatchedwa Kasupe.

Ife tinkangoti onsewo ndi amwenye, koma sanali amodzi. Ambiri anali Asilamu, ndipo ankamvana mosavuta ndi Ayao pa nkhani ya chipembedzo. Ena ochepa anali Ahindu. Awa analibe kachisi pafupi, poti makachisi awo anamangidwa m'mizinda monga Blantyre. Choncho chipembedzo chawo chinkakhala m'nyumba, pa kangodya kena kuseri kwa sitolo, pomwe pamakhala zithunzi za milungu yawo ndi kanyale kakang'ono.

Pa kangodya kameneka m'pamene panali kudzipereka kwawo, komwe iwo amati bhakti. M'banja la Chihindu lopemphera, munthu amasamba m'mamawa, kuyatsa nyale ndi zofukiza, kuika duwa kapena chipatso, kenaka n'kuyamba ntchito. Buku lawo lodziwika kwambiri, Bhagavad Gita, lomwe lili ndi mitu 18 ndi mavesi 700, limaphunzitsa kuti ntchito ya tsiku ndi tsiku ikhoza kukhala nsembe kwa Mulungu ngati munthu aigwira mokhulupirika, osaika mtima wonse pa phindu lake. Amalonda a ku Gujarat ali ndi mwambo wogwirizana ndi zimenezi. Pa chikondwerero cha Diwali, chomwe chimachitika mu Okutobala kapena Novembala, amatseka mabuku akale a malonda n'kupempherera mabuku atsopano pamaso pa Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma. Kwa iwo buku la ngongole nalo limafunika kukhala loyera.

Nanga ulemu? Nthano ya Ramayana imasimba za Rama, mwana wa mfumu Dasharatha, yemwe anavomera kukhala m'nkhalango zaka 14 kuti lonjezo la bambo ake lisapite pachabe. Ahindu ambiri akamayatsa nyale za Diwali amakumbukira kubwerera kwake ku mzinda wa Ayodhya. Phunziro lake ndi lakuti ulemu wa banja umatsamira pa kusunga mawu. Kwa wamalonda wakumudzi izi zinali za moyo weniweni, chifukwa katundu ankamutenga pa ngongole kwa amalonda akuluakulu a ku Limbe ndi Blantyre, ndipo chikole chake chachikulu chinali dzina lake. Akangotchuka kuti sabweza, malonda ake athera pomwepo. Komabe Gita imapitirira apa. Imati munthu wodziperekadi kwa Mulungu amakhala chimodzimodzi kaya anthu akumutamanda kaya akumunyoza. Ndiye kuti dzina labwino uyenera kulisamala, koma usakhale kapolo wa m'kamwa mwa anthu.

Chisoni ndicho chiyambi cha Gita. Msilikali Arjuna ataima pa bwalo la nkhondo la Kurukshetra, anaona kuti mbali inayo kuli agogo ake, aphunzitsi ake ndi abale ake, ndipo anataya uta n'kukhala pansi mtima utasweka. Krishna anamuphunzitsa kuti thupi limatha koma mzimu sufa, ndiponso kuti chisangalalo ndi zowawa zimabwera n'kupita, choncho munthu aphunzire kupirira uku akugwirabe ntchito yake. Chikhulupiriro chimenechi chimaonekera pa maliro. Ahindu amatentha mtembo, phulusa n'kukaliika m'madzi oyenda, ndipo banja limakhala pa chisoni masiku pafupifupi 12 kapena 13. Kwa ife amene timaika maliro m'manda, Akhristu ndi Asilamu omwe, mwambo umenewu unkaoneka wachilendo ndi woopsa. Koma tikauyang'anitsitsa, kusonkhana kwa abale ndi chakudya chotsekera masiku olira sizitalikirana ndi sadaka yathu.

Maphunziro amenewa anayesedwa mu 1970, pamene boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera akumidzi. Pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Mabanja amene anabadwira kuno, olankhula Chichewa ndi Chiyao ngati ife, anatseka zitseko. Ena anapita ku Limbe ndi Lilongwe, ena ku Britain, makamaka mumzinda wa Leicester. Cholinga cha boma chinali chakuti Amalawi atenge malondawo, ndipo Chipiku inkayenera kuwapikulitsa katundu. Ena anakwanitsadi, koma masitolo ambiri anakhala otseka chifukwa eni atsopano analibe mpamba ndi owakongoza katundu. Anthu akumudzi anayamba kuyenda mtunda wautali kufuna zinthu zomwe kale ankazipeza pafupi.

Tisakometsere mbali imodzi. Madandaulo a makolo athu anali enieni. Atsamunda anagawa anthu m'magulu atatu, azungu pamwamba, amwenye pakati, ife pansi, mpaka sukulu zinali zosiyana. Antchito a m'masitolo ndi m'nyumba ankadandaula za malipiro ochepa ndi kunyozedwa. Chiphunzitso chabwino sichisandutsa aliyense kukhala munthu wabwino, ndipo zimenezi n'zoona m'tchalitchi, mumzikiti ndi m'kachisi momwe. Ngakhale Gita yomweyo imatsutsa umbombo ndi kudzikuza. Wamalonda amene ankayatsa nyale m'mawa n'kubera pa sikelo masana ankalakwira chipembedzo chake chomwe.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu awa anakhala nafe zaka zambirimbiri, koma anachoka tisanawadziwe bwino, iwonso asanatidziwe bwino. Ife tinkawaona kudzera pa kauntala, iwo nawo chimodzimodzi.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ili. Mukamaphunzitsa za nthawi ya atsamunda ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, atumeni ophunzira akacheze ndi agogo amene anasokapo pa khonde la mmwenye kapena kugwira ntchito m'sitolo. Akafunse za ngongole, za malipiro, za nyale za Diwali ndi za tsiku limene zitseko zinatsekedwa. Alembe zabwino ndi zoipa zomwe. Agogo amenewa akutha, ndipo akapita apita nayo mbiri imeneyi.