Amene Anasunga Moto wa Chikhristu Kuchokera pa Mandimba

M'chaka cha 1926, pamene dziko lino la Niassa linali likadali m'manja mwa Companhia do Niassa, ansembe a chipani cha Consolata anafika pa Mandimba. Mtsogoleri wao anali Bambo Pedro Calandri, Mtaliyana amene anayamba wagwira ntchito ku Kenya. Mu 1928 anakhazika misyoni ya Massangulo m'dera la Ngauma, pakati pa Ayao, anthu amene ambiri mwa iwo anali Asilamu kale.

Ntchito siinayende msanga ai. Obatizidwa anali oŵerengeka, ndipo Bambo Calandri anayambira pa ana amasiye: kuwadyetsa, kuwaphunzitsa kuŵerenga ndi ntchito zamanja. Anakhala pa Massangulo kufikira imfa yao mu 1967. Pamenepo nkuti misyoni zina, monga Mepanhira ndi Mitúcue kufupi ndi Cuamba, zitazika kale mizu, ndipo dayosizi ya Vila Cabral, imene lero ndi Lichinga, itakhazikitsidwa mu 1963.

Koma mbiri ikatchula ansembe okha ikhala yopereŵera. Mu 1975 boma latsopano linatenga masukulu ndi zipatala za misyoni. Pambuyo pake kunabuka nkhondo yapachiŵeniŵeni. Miseu inatsekeka, ndipo midzi yambiri inatha zaka osamva Misa. Mabanja a ku Entre Lagos ndi Mandimba anaoloka malire kuthaŵira ku Malaŵi, atasenza ana ndi tinthu toŵerengeka. Nanga anabatiza makanda a zaka zimenezo ndani? Anapempherera akufa pamanda ndani? Anali aphunzitsi a katekisimu, akulu a mpingo, ndi amai okalamba amene anatsogolera korona pansi pa mtengo madzulo, ena mwa iwo osadziŵa ngakhale kulemba dzina lao. Mabuku a parishi sanawalembe bwino anthu ameneŵa, ndipo kumeneko kunali kuwalakwira.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, othaŵa nkhondo anayamba kubwerera kumabwinja ao. Ansembe pofikanso m'midzi anapeza matchalitchi ambiri ataguga, koma Akhristu akusonkhanabe Lamulungu liri lonse, ndi ana obadwira kuthengo ndi m'misasa akudziŵa kale kuchita chizindikiro cha mtanda. Ana omwewo ndiwo lero makolo amene akubweretsa ana ao ku ubatizo.