Buku Limodzi, Mayina Awiri

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu, lero ndati tikambeko za anthu olemba kaundula wa mabuku m'malaibulale. Ife a kuno ku Kasungu timadziwa kuti belo la fodya likafika ku okushoni ku Chinkhoma lopanda nambala ya mlimi, mwini wake amalira. Buku nalonso limasokera ngati dzina lake silinalembedwe bwino.

Taonani nkhani ya Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Msyamboza nalo linasanduka Headman's Enterprise mu 1949. Nanga mwana wofunafuna Nthondo angadziwe bwanji kuti Man of Africa ndi nkhani yomweyo?

Vutoli ndi lakale. Mu 1841 Anthony Panizzi wa ku British Museum anasindikiza malamulo 91 olembera kaundula. Mu 1978 kunabwera AACR2, ndipo mu 2010 kunabwera RDA. Masiku ano wolemba kaundula amachita zinthu ziwiri. Choyamba, amakopera dzina monga momwe lasindikizidwira patsamba loyamba, osakonza ngakhale chilembo chimodzi. Chachiwiri, ngati bukulo ndi lomasulira, amawonjezera dzina loyambirira. Pa kompyuta, mu dongosolo la MARC, dzina losindikizidwa limakhala pa mzere 245 ndipo loyambirira pa 240. Motero Man of Africa amakulozerani kwa Nthondo.

Baibulo ndiye chitsanzo chabwino. Buku Lopatulika la 1922, Malembo Oyera la 1966 ndi Buku Loyera la 1998 ndi mayina atatu, koma mu kaundula onse amakumana pansi pa mutu umodzi wa Baibulo. Ngakhale chiyankhulo chili ndi mayina awiri. Mu 1968, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, mwana wa kuno, Chinyanja chinayamba kutchedwa Chichewa, koma chizindikiro chake mu MARC chikadali "nya".

N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti ana akamatchula buku azilemba dzina ndendende, wolemba ndi chaka. Mabuku athu m'Chichewa ndi ochepa kale. Tisatayenso ena chifukwa cholemba dzina mwachisawawa.