Chalichi ca Akatolika ca ku Nambuma

Munthu wocokera pa Mponela akalunjika kumwera ca kumadzulo, kumalire a Dowa ndi Lilongwe, amafika pa Nambuma. Pamenepo pali mishoni ya Akatolika, imodzi mwa mishoni zao zakale m'dziko lino la Acewa. Mlendo wofuna kukaona chalichi cace ayambe wamva mbiri yace, pakuti nyumba imakoma ukadziwa amene anaimanga.

M'mapiri a Dowa anayamba kufika ndi a Mishoni ya Dutch, amene anamanga pa Mvera m'caka ca 1889 ndi pa Kongwe mu 1894. Ansembe Acikatolika obvala mikanjo yoyera, a White Fathers, anakhazikika m'Cigawo ca Pakati mu 1902, pa Mua ndi kwa Chiwamba. Mu 1903 a kwa Chiwamba anasamukira ku Likuni, ndipo ena anamanga pa Kachebere. Koma mishoni ya Nambuma inatsegulidwa mu 1928, m'masiku a Bishopu Guillemé.

Nanga zaka 25 zonsezo Mau analikuyenda ndi yani? Ansembe anali owerengeka, ndipo mudzi wakutali unkaona wansembe mwa kamodzi kamodzi. Nchito yaikuru inali m'manja mwa aphunzitsi a m'midzi, ana a dziko lino. Iwo ndiwo ankapempha malo kwa nyakwawa, namanga kasukulu ka udzu, naphunzitsa ana kuwerenga ndi akulu katekisimu. Nthawi zina ankalimbana ndi a mishoni zina, nthawi zina ndi eni dambwe. Wofuna ubatizo ankakhala m'kalasi zaka zinai, kuti mtima wace uoneke.

Dzina la chalichico ndi Kristu Mfumu. Tsiku lokumbukira Kristu Mfumu analiika ndi Papa Pius XI mu 1925, zaka zitatu Nambuma asanatsegulidwe. Masiku ano limagwa pa Lamulungu lotsiriza la caka ca Mpingo, mwezi wa November.

Tsono mukafika pakhomo, abambo abvule cipewa, ndipo onse acepetse mau. Mudzaona Akristu akubviika zala m'madzi odalitsidwa, nacita cizindikiro ca mtanda, kukumbukira ubatizo wao. Kutsogolo kumayaka nyali usana ndi usiku. Nyaliyo inena kuti Ukaristia uli m'kabokosi kosungiramo, ndipo ndico cifukwa cace munthu apinda bondo asanakhale pansi. M'zipupa muli zithunzi 14 za Njira ya Mtanda, zimene Akristu amatsata Lacisanu liri lonse m'nyengo ya Lenti. Mlendo wa mpingo wina aloledwa kumva Misa yonse, koma asapite kukalandira Ukaristia.

Miyambo yina yasintha. Kale wansembe ankacita Misa m'Cilatini, atafulatira anthu. Msonkhano waukuru wa mabishopu ku Roma, wa 1962 mpaka 1965, unalola cinenero ca eni dziko. Ndimo ng'oma ndi visekese zinalowa m'chalichi. Mu 1972 mwana wa dziko lino, Patrick Kalilombe, anakhala Bishopu wa Lilongwe, ndipo pa msonkhano wace wa 1973 mpaka 1975 anagwirizana kuti Akristu oyandikana azikomana m'miphakati, kupemphera, kuzonda odwala ndi kuthandizana pa maliro. Potero mpingo unabwereranso kumudzi kumene aphunzitsi aja anauyambira.

Maina a mabishopu ndi ansembe analembedwa m'mabuku. Koma aphunzitsi ambiri amene anayenda pansi mitunda yaitali, maina ao angokhala m'mitima ya nkhalamba, ndipo nkhalambazo zirikutha. Inu amene mwaphunzira kulemba tsopano, mukapita ku Nambuma musaiwale pensulo ndi pepala. Mukafunse akulu kuti anatsegula sukulu m'mudzi mwao ndani, ndipo mukalembe, kuti adzukulu athu adzawadziwe.